MSEU WA GORODI NDI PHIRI LA KHONDOWE

Pakati pa malo akale amene mphunzitsi wa m'dziko la Zambia ayenera kudziwa mbiri yace, pali amodzi amene sali m'dziko lino ai. Malowo ndi Livingstonia, mudzi wa Mishoni umene uli pamwamba pa phiri la Khondowe, m'boma la Rumphi, kumpoto kwa dziko la Malawi. Munthu wocokera ku Lusaka atsata mseu waukulu wa kum'mawa kufikira ku Chipata, nadzera ku Lundazi kapena ku Lilongwe, napitirira Mzuzu, ndipo atsikira ku nyanja pa Chiweta. Ulendowo ndi wautali, koma sukulu zambiri za kumpoto ndi kum'mawa kwa dziko lino zinayambidwa ndi anthu amene anatsika paphiri limenelo ndi buku m'thumba.

Kukwera kuyambira pa Chitimba, mudzi wa m'mphepete mwa nyanja, pamene asodzi ayanika usipa pamathandala ndi kukokera mabwato pamcenga. Azungu akale anacha doko limeneli Florence Bay. Munthu akaima pamenepo ndi kupenya kumadzulo aona citunda cacikulu cangati khoma, cokutidwa ndi nkhalango, ndipo nyumba za Mishoni ziri pamwamba pace, pafupifupi mapazi 3,000 kupambana madzi a nyanja. Mseu wokwera citundaco dzina lace ndi Gorodi. Kutalika kwace ndi mailosi pafupifupi 10, ndipo uli ndi makona 20 akuthwa kwambiri, oti galimoto yaitali iyamba yabwerera m'mbuyo kuti ikhote bwino. Unalambulidwa m'zaka zoyamba za 1900, ndi makasu, mapiki ndi manja a anthu.

Woyenda pansi sasowa kutsata makona onsewo, pakuti eni dziko ali ndi njira zao zacidule zimene zidula mseu kucokera pa kona ina kufika pa inzace. Njirazi ndi zoimirira, ndipo munthu wosazolowera agwiriza mizu ndi miyala, pamene amai a kumeneko amampitirira ali ndi mtolo pamutu ndi mwana kumbuyo. Wamphamvu zace afika pamwamba patapita maora atatu kapena anai. Nkhalango yace ndi yofanana ndi ya kwathu kuno: mombo, mtondo, msuku ndi mitengo ina ya mtundu womwewo. M'mwezi wa September ndi October, mvula isanagwe, mitengoyi iphuka masamba atsopano ofiira ndi acikasu, kotero kuti citunda conse cioneka ngati casanduka moto wosapsereza. Anyani abwebweta m'maphompho, ndipo pa kona iri yonse nyanja ionekera pakati pa mitengo, yokulirakulira ndi yobiriwira koposa poyamba. Wanzeru anyamuka tambala woyamba atalira, cifukwa dzuwa likakwera, kutentha kwa m'munsi mwa citunda kulefula ngakhale mnyamata.

Ali yense amene wakwera njira imeneyi, thukuta liri kamukamu, afunsa funso limodzi: kodi anthu anzeru anaganiza ciani pomanga sukulu pamalo obvuta kufikapo otere? Yankho lace liri m'manda a m'mphepete mwa nyanja.

Dotolo David Livingstone anafika pa nyanjayi m'caka ca 1859, namwalira m'caka ca 1873 kwa Chitambo, m'dziko lathu lino. Caka cotsatira, Dotolo James Stewart wa ku Lovedale anadandaulira Mpingo wa Free Church of Scotland kuti akhazikitse Mishoni ya cikumbutso ca Livingstone pa nyanja ya Nyasa. Gulu loyamba linanyamuka m'caka ca 1875, lotsogozedwa ndi Bambo E. D. Young, ndipo mwa iwo munali sing'anga wacinyamata wa ku Aberdeen, Dotolo Robert Laws, wobadwa m'caka ca 1851, mwana wa mmisiri wa matabwa. Anabwera ndi sitima yaing'ono yochedwa Ilala. Pofika pa mathithi a mtsinje wa Shire sitimayo inamasulidwa zidutswazidutswa, ndipo anthu mazanamazana, operekedwa ndi mafumu a Amakololo, anazisenza pamutu kuzungulira mathithiwo. Pa 12 October 1875 Ilala inalowa m'nyanja, ndipo amishoni anamanga ku Cape Maclear.

Malowo anali okongola, koma malungo anatha anthu. Manda a amishoni anaculuka msanga kupambana ophunzira obatizidwa, pakuti munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa m'caka ca 1881, zaka zoposa zisanu zitapita. Caka comweco Mishoni inasamukira ku Bandawe, pakati pa Atonga. Kumeneko sukulu zinadzala ndi ana, nchito inakula, ndipo mlaliki wa Cixhosa wocokera ku Lovedale, William Koyi, anatsegula njira yopita kwa Angoni a kumapiri. Koma malungo anawatsatira ku Bandawe komweko. Tsono Dotolo Laws anatsimikiza mtima kufuna malo okwezeka, ozizira, a madzi abwino, kumene angamange sukulu yaikulu yoti izilandira ana opambana a m'sukulu zonse za Mishoni. M'caka ca 1894 iwo pamodzi ndi mthandizi wao wokhulupirika, Bambo Yuriah Chatonda Chirwa, anakwera Khondowe nagona pamwamba pace. Mulu wa miyala usonyeza malo amene anamangapo hema.

Pano pali kanthu kamene kangakondweretse ana pa phunziro la zaumoyo. Pa nthawi imeneyo palibe sing'anga amene anali atatsimikiza kuti malungo afalitsidwa ndi udzudzu. Ambiri ankati ndi mpweya woipa wa m'madambo. Dotolo Ronald Ross anapeza kacirombo ka malungo m'mimba mwa udzudzu ku India m'caka ca 1897, zaka zitatu Laws atakwera kale phiri. Motero anathawa mdani amene sanamdziwe nkhope, koma anathawira koyenera, pakuti kumalo ozizira udzudzu ucepa.

Kusankha phiri kunali kosabvuta. Cobvuta cinali kukweza katundu. Cinthu ciri conse cimene sicikanapangidwa pamwambapo cinacokera ku Scotland pa sitima za panyanja yamcere, nicikwera Zambezi ndi Shire, nicisenzedwa kuzungulira mathithi, nicilowanso m'sitima kufikira ku Florence Bay. Kucokera pamenepo, mseu usanakhaleko, zonse zinakwera pamitu ndi pamapewa a amtengatenga: malata, makina osindikizira mabuku, zipangizo za m'cipatala, mabelo a nsalu, ndi mipope yacitsulo yosawerengeka. Ndi mipope imeneyi madzi a kumapiri anafika pa Mishoni m'caka ca 1904, ndipo m'caka ca 1905 nyali za magetsi zinayaka, mphamvu yace yocokera ku madzi a mtsinje wa Manchewe. Masiku amenewo mzinda wa Lusaka kunalibe. Njanji inali ikungofika kumene pa mudzi wa mfumu Lusaaka. Mabuku a mbiri alemba maina a amisiri acizungu ndi a olemera amene anapereka ndalama, koma a amtengatenga sanalembedwe. Mphunzitsi amene akwera ndi ana ace acita bwino kuwaimika pa kona imodzi, napatsa mmodzi mwala wolemera kuti ausenze mapazi makumi asanu okha. Akatero ana adzamva msanga kuti phirilo linamangidwa ndi yani.

Ngakhale ndalama zimene zinamanga sukuluyo ziri ndi mbiri yace. Inachedwa Overtoun Institution polemekeza Lord Overtoun, mwini fakitale ya mankhwala pafupi ndi Glasgow, amene anapereka cuma cambiri. M'caka ca 1899 mtsogoleri wa anchito, Keir Hardie, anamdzudzula poyera cifukwa ca malipiro ocepa, maora aatali ndi matenda a anchito a m'fakitale mwace. Motero thukuta la amphawi a ku Scotland linakomana ndi thukuta la amphawi a ku Nyasaland pa citunda cimodzi, ngakhale iwo sanadziwane.

Makona akatha, njira iyamba kugona, mphepo yozizira iomba, ndipo posacedwa khutu limva mkokomo wa mathithi a Manchewe. Madzi ace agwa mapazi pafupifupi 400 kulowa m'cigwa codzala ndi mitengo yobiriwira caka conse, yosiyana ndi ya pacitunda couma cija. Kanjira koterera katsikira kumbuyo kwa madziwo, kumene kuli phanga. Munthu akalowamo apenya kunja kupyola cinsalu ca madzi, osaoneka kwa ali yense wa kutsidya. M'mapanga otere Aphoka, eni ace a mapiri amenewa, ankabisala pa nthawi ya nkhondo za Angoni ndi ya ogula akapolo. Ici ciyenera kunenedwa momveka, pakuti alendo ambiri ayamba mbiri ya Khondowe ndi caka ca 1894 monga ngati panalibe munthu. Aphoka analipo, analima m'mapiri otsetsereka ndi kusula zitsulo, ndipo anakwera phirilo pa cifukwa cofanana ndi ca amishoni, ndico kupulumutsa moyo. Kusiyana kwace n'kwakuti malo aakulu a Mishoni anapemphedwa kwa Kampani ya British South Africa ya Cecil Rhodes, imene inadziyesa mwini wa dziko la kumpotoko.

Kucokera pa Manchewe kufika pa Mishoni ndi ulendo wa ora limodzi kapena kuposerapo pang'ono. Mseu wa pamwamba uli ndi mitengo yobzalidwa m'mizere ndi nyumba za njerwa zofiira. Pali cipatala ca David Gordon Memorial, comangidwa pafupi ndi caka ca 1910. Pali chalichi cacikulu cokhala ndi zenera la magalasi a mitundumitundu losonyeza Livingstone ndi anzace a ulendo, nyanja iri kumbuyo kwao. Ndipo pamphepete peni peni pa phiri pali Stone House, nyumba ya miyala imene inamangidwa m'caka ca 1903, momwe Dotolo Laws anakhalamo kufikira anacoka. Tsopano mbali ina ya nyumbayo isunga zinthu zakale, makalata, zithunzi ndi zipangizo za sing'anga. Munthu akaima pakhonde pace aona nyanja yonse yatambasuka pansi pace ngati mphasa, gombe likhotakhota kumpoto ndi kumwera, ndipo kukakhala kopanda nkhungu mapiri a Livingstone a m'dziko la Tanzania aonekera kutsidya. Nthawi zina pakati pa madzi pakwera cinthu conga utsi wakuda. Mlendo ayesa kuti sitima ikupsa, koma ndi tizirombo tamapiko tochedwa nkhungu, timene tituluka m'madzi miyandamiyanda, ndipo anthu a m'mphepete atigwira ndi zitete ndi kutiumba ngati zitumbuwa za ndiwo.

Dotolo Laws sanafune sukulu yaing'ono. Pa Khondowe panaphunzitsidwa uphunzitsi, ubusa, nchito ya m'cipatala, ukalaliki, kutumiza mau pa lamya, kupala matabwa, kumanga, kusindikiza mabuku ndi ulimi, ndipo ophunzira apamwamba analawako Cilatini ndi Cigriki. Atsikana analinso ndi malo ao. Ana anabwera pansi kucokera kutali, Atonga, Atumbuka, Angoni, Ankhonde, ndi ena a m'dziko lino, cifukwa Mishoni ya Livingstonia sinasamale malire a Boma. Inatsegula Mwenzo pakati pa Anamwanga m'caka ca 1894, Chitambo m'caka ca 1907, ndiponso inagwira nchito ku Chasefu m'boma la Lundazi.

Mwa onse amene anatsika phirilo, amene akhudza dziko la Zambia koposa ndi Bambo David Kaunda, Mtonga wa ku dera la Bandawe. M'caka ca 1904 anatumidwa pamodzi ndi ophunzira anzao kukalalikira kwa Abemba, ndipo pambuyo pace anakhazikika ku Chinsali monga mphunzitsi, popanda Mzungu wowayang'anira pafupi. Anaphunzira cinenero cacilendo, anamanga sukulu za udzu, naphunzitsa aphunzitsi ena, zaka zambiri mmishoni wacizungu asanabwere kudzakhala ku Lubwa m'caka ca 1913. Mkazi wao, Mai Helen Kaunda, analinso mphunzitsi. Mwana wao wotsiriza, Kenneth, anabadwira ku Lubwa m'caka ca 1924, nayamba moyo wace monga mphunzitsi, nakhala Mtsogoleri woyamba wa Zambia kuyambira 1964 kufikira 1991. Munthu wokhala ku Kamwala angathe kuyenda pansi kudzera ku Kabwata kukaona kanyumba ka nambala 394 ku Chilenje, momwe Dr. Kaunda anakhalamo kuyambira 1960 kufikira 1962 potsogolera nkhondo ya ufulu. Ocepa mwa oona kanyumbako adziwa kuti njira yofika pakhomo pace inayambira pa Gorodi. Bambo Donald Siwale, mmodzi wa oyambitsa bungwe la Mwenzo Welfare Association, analinso wophunzira wa Livingstonia, monganso Bambo Levi Mumba, amene anali m'gulu loyambitsa North Nyasa Native Association m'caka ca 1912, nakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress m'caka ca 1944.

Komatu si onse amene anatsika ndi mtima woyamika. Mishoni imene inafulumira kuphunzitsa munthu wakuda Cigriki inacedwa kwambiri kumpatsa udindo. Charles Domingo, amene William Koyi anamtola ali mwana ku Quelimane, anatsiriza maphunziro a ubusa patsogolo pa anzace onse, nadikira zaka osadzozedwa, mpaka anacoka ndi mtima wowawa. Abusa oyamba, Yesaya Zerenje Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa m'caka ca 1914, zaka 39 citafikire Ilala pa nyanja, ndipo Mwasi yemweyo anapatuka m'caka ca 1933 nayamba mpingo wace. Eliot Kamwana anasiya sukulu, nabwerera m'caka ca 1908 ndi ciphunzitso ca Watch Tower cimene cinakopa Atonga zikwizikwi. Clements Kadalie anatsiriza maphunziro a uphunzitsi, naphunzitsa kanthawi kocepa, napita kumwera kukafuna malipiro abwino. M'caka ca 1919 anayambitsa ku Cape Town bungwe la anchito lochedwa I.C.U., limene linagwedeza South Africa. Nkhani ya Kadalie idziwika bwino kwa mphunzitsi ali yense wa kumudzi amene anawerengapo malipiro ace pakutha pa mwezi ndi kuganiza za ku migodi.

M'caka ca 1924 nthumwi za Phelps-Stokes Commission zocokera ku America zinayendera sukulu za m'maiko ano. Maganizo ao anali akuti mwana wa mu Africa aphunzire zoyenera moyo wa kumudzi, monga ulimi, ukhondo ndi nchito za manja, osati maphunziro apamwamba okweza ocepa. Pa maganizo amenewa panabadwa sukulu za Jeanes, monga ya ku Mazabuka imene inasamukira ku Chalimbana m'caka ca 1939. Dotolo Laws anacoka m'caka ca 1927, atatumikira zaka 52, namwalira ku London m'caka ca 1934, ndipo amene anawalowa m'malo anacepetsa zolinga zao zazikulu. Odzudzulawo sanalakwe m'zonse: sukulu ya paphiri inadya ndalama zambiri, inali kutali ndi midzi, ndipo amisiri ndi akalaliki ace ambiri anakathera ku Salisbury, ku Johannesburg ndi ku migodi ya mkuwa, osati kwao. Koma pamene nthawi inafika yoti anthu akuda alembe makalata otsutsa Boma, awerenge malamulo ndi kuyankha Bwanamkubwa m'cinenero cace, amene anatha kutero anali ana a maphunziro omwe aja amene anayesedwa opitirira muyeso. Mkangano umenewu sunathe. Ubukanso nthawi iri yonse pamene akulu a maphunziro akambirana zoyenera kuphunzitsa mwana wa kumudzi.

Pa bwalo la udzu pafupi ndi Stone House pali cikumbutso cina ca masiku a Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland. Pa 3 March 1959 Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza kuti dziko la Nyasaland liri pa ngozi, ndipo atsogoleri a Congress anamangidwa. Boma linaopa kuti Azungu a paphiri adzaphedwa, koma linalibe njira yofulumira yofikira kumeneko. Tsono ndege inaponya kalata yowauza kuti aike pansi cizindikiro cakuti ngati afuna kucotsedwa, ndi cina ngati ali bwino. Akuda ndi oyera anasonkhana nakambirana, ndipo anagwirizana kuti palibe amene adzacoka. Ndege pobwerera inapeza zilembo zazikulu zoyera zoyalidwa paudzu, zochula buku la Aefeso, mutu 2, ndime 14, pamene Paulo alankhula za kugwa kwa cocinga ca udani pakati pa mitundu iwiri. Cithunzi cojambulidwa kucokera m'ndege cinatuluka m'manyuzipepala, ndipo zilembozo zinakhazikitsidwa pamalo pomwepo kuti alendo aziziona.

Likulu la Sinodi ya Livingstonia liri ku Mzuzu tsopano, kumene kuli miseu ndi anthu ambiri, koma paphiri patsala sukulu ya sekondale, cipatala ndi chalichi. Sukulu ya ukacenjede imene Dotolo Laws anailakalaka inatsegulidwa m'caka ca 2003, zaka 69 iwo atamwalira, ndi dzina la University of Livingstonia. Pali mseu wina wofika kumeneko kucokera ku Rumphi, wosaopsa ngati Gorodi, ndipo oyenda pa galimoto m'nyengo ya dzinja ayenera kufunsa za umenewo, pakuti mvula ikagwa makona a Gorodi aterera ndi kugumuka. Aphunzitsi ofuna kukwera pansi ndi ana asankhe miyezi ya June ndi July, atenge madzi okwanira ndi zobvala zofunda za usiku, ndipo apemphe munthu wa pa Chitimba kuti awatsogolere m'njira zacidule.